Sukulu Imene Inabisala Kuseri kwa Sitolo

Usiku wa pa 7 Januwale 1957, pa chilumba chotchedwa Johns Island m'chigawo cha South Carolina ku America, anthu akuluakulu 14 anasonkhana pa sitolo ina ya m'mudzi. Munthu wodutsa pamsewu akanaganiza kuti akukagula mchere kapena sopo, koma iwo anapitirira mashelefu a katundu nkukalowa m'chipinda cha kuseri. Onse anali anthu akuda, ambiri mwa iwo osadziwa ngakhale kulemba dzina lawo. Anabwera kudzayamba sukulu ali kale ndi mabanja, ena ali ndi adzukulu omwe.

Sukuluyo anaibisa dala poopa azungu a m'deralo, chifukwa cholinga cha ophunzirawo chinali kudziwa kuwerenga kuti akalembetse maina awo m'kaundula wa ovota. Masiku amenewo, m'zigawo za kumwera kwa America, munthu wakuda wofuna kuvota ankayenera kuyamba wakhoza mayeso pamaso pa kalaliki wachizungu. Ndipo amene wangoyesa kulembetsa ankatha kuchotsedwa ntchito, kuthamangitsidwa pamunda, kumenyedwa, ngakhale kuphedwa kumene.

Nkhani ya sukulu imeneyi ndi masukulu ena amene anatsatira ndi mbali ya mbiri imene ana ku America amayenera kuphunzira m'kalasi, ngakhale kuti kaphunzitsidwe kake kali ndi mikangano mpaka lero. Ndi nkhani yoti aliyense amene amasunga kadi yovotera m'nyumba mwake aidziwe.

Misampha itatu

Ukapolo ku America unatha m'chaka cha 1865. Patapita zaka zisanu, m'chaka cha 1870, anawonjezera ndime m'malamulo aakulu a dzikolo yoletsa kumukaniza munthu kuvota kaamba ka khungu lake kapena chifukwa chakuti anali kapolo. Amuna akuda anayamba kuvota mwaunyinji, ndipo chaka chomwecho Bambo Hiram Revels a ku Mississippi anakhala munthu wakuda woyamba kulowa m'nyumba ya malamulo yotchedwa Senate. Amai onse, akuda ndi oyera omwe, anadikira mpaka 1920 kuti malamulo aakuluwo awatchule.

Koma asilikali a boma lalikulu atasiya kulondera zigawo za kumwera m'chaka cha 1877, eni minda ikuluikulu ya thonje anayamba kufunafuna njira zolandira mphamvu zawo zakale. Popeza lamulo linkaletsa kutchula khungu, iwo anatchera misampha imene pa pepala inkaoneka ngati ya aliyense. Chigawo cha Mississippi ndicho chinatsogolera m'chaka cha 1890, ndipo zigawo zina zinatengera.

Msampha woyamba unali msonkho wa voti. Ku Mississippi munthu ankalipira madola 2 pachaka ndi kusunga malisiti ake kuti akawaonetse pa tsiku la chisankho. Kwa munthu wolima thonje pamunda wa mwini, amene chaka chinkatha ali ndi ngongole kusitolo ya bwana wake, madola awiriwo anali chuma.

Msampha wachiwiri unali mayeso. Malamulo a chigawo cha Mississippi anali ndi ndime 285. Kalaliki wa kalembera ankasankha ndime iliyonse imene wafuna, nkumuuza munthu kuti aikopere papepala ndi kufotokoza tanthauzo lake. Woweruza kuti wakhoza kapena walephera anali kalaliki yemweyo. Mzungu ankapatsidwa ndime ya mau owerengeka, pamene wakuda ankapatsidwa ndime yoti ngakhale loya akande mutu. Motero aphunzitsi ndi abusa amene anafika ku koleji ankauzidwa kuti alephera.

Msampha wachitatu unali wa agogo. Poona kuti mayeso aja agwetsanso azungu osauka amene sanapite kusukulu, chigawo cha Louisiana m'chaka cha 1898 chinalamula kuti amene bambo ake kapena agogo ake anali ndi ufulu wovota chisanafike chaka cha 1867 asayesedwe mayeso. Agogo a anthu akuda nthawi imeneyo anali akapolo, tsono lamuloli linkapulumutsa azungu okha. Khoti lalikulu la dzikolo linathetsa msampha umenewu m'chaka cha 1915, koma iwiri ija inatsala.

Zotsatira zake zikuoneka pa chiwerengero. M'chaka cha 1896 ku Louisiana kunali anthu akuda 130,334 m'kaundula wa ovota. Pofika 1904 anatsala 1,342 okha. Amene savota alibe mau pa za msewu, chipatala, sukulu ngakhale za wapolisi amene akumumenya, chifukwa ku America mkulu wa apolisi wa boma laling'ono amasankhidwanso ndi mavoti.

Basi ya a Jenkins

Pa chilumba cha Johns Island panali mlimi wina dzina lake Esau Jenkins. Bamboyu anali ndi basi imene inkanyamula anthu m'mawa kupita nawo ku ntchito mumzinda wa Charleston ndi kubwera nawo madzulo. Iwo eni anasiya sukulu ali aang'ono ndipo anadzapitiriza atakula. Poona kuti ulendo wa tsiku ndi tsiku ukungothera m'macheza, anataipa ndime za malamulo zimene kalaliki ankafunsa nkumagawira okwera basiyo, ndipo ankawaphunzitsa ali m'njira.

Mmodzi mwa okwerawo, Mai Alice Wine, analoweza ndime yonse pamtima ndipo anakalembetsa bwinobwino. Koma maiwo sanakhutire, popeza mumtima ankadziwa kuti kuloweza si kuwerenga. Anapempha a Jenkins kuti pakhale sukulu yeniyeni.

Pempho limeneli linafika kwa Mai Septima Clark, mphunzitsi wobadwira ku Charleston m'chaka cha 1898, amene bambo awo anabadwa ali kapolo. Mai Clark anayamba uphunzitsi pa chilumba chomwecho m'chaka cha 1916, chifukwa nthawi imeneyo munthu wakuda sankaloledwa kuphunzitsa m'masukulu a boma mumzinda wa Charleston. M'chaka cha 1956 chigawo cha South Carolina chinalamula kuti wogwira ntchito m'boma asakhale membala wa NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda. Mai Clark anakana kubisa umembala wawo. Anawachotsa ntchito ataphunzitsa zaka pafupifupi 40, ndipo ndalama za penshoni zinapita limodzi ndi ntchitoyo.

Atachotsedwa anakagwira ntchito ku Highlander Folk School m'chigawo cha Tennessee, sukulu ya anthu akuluakulu imene anaiyambitsa Bambo Myles Horton m'chaka cha 1932, kumene akuda ndi oyera ankaphunzira ndi kudyera pamodzi ngakhale zinali zoletsedwa. Mai Rosa Parks anachita nawo maphunziro kumeneko m'chaka cha 1955, miyezi yochepa asanamangidwe ku Montgomery chifukwa chokana kupatsa mzungu mpando m'basi. Sukulu ya Highlander ndiyo inabwereketsa ndalama zogulira nyumba pa Johns Island. Kutsogolo kwa nyumbayo gulu la anthu a pachilumbapo lotchedwa Progressive Club linatsegula sitolo, ndipo kuseri kunali kalasi.

Mphunzitsi wokonza tsitsi

Posankha mphunzitsi, Mai Clark ndi a Jenkins anakana kutenga wa satifiketi. Ankaopa kuti mphunzitsi wozolowera ana awachititsa manyazi akuluakulu. Anasankha Mai Bernice Robinson, msuweni wa Mai Clark, amene ntchito yawo inali kukonza tsitsi la amai ndi kusoka zovala. Panali zifukwa ziwiri. Wokonza tsitsi amadziwa kumvetsera anthu, ndiponso makasitomala ake onse anali akuda, choncho panalibe bwana wachizungu woti awachotse ntchito.

Mai Robinson poyamba anakana, nati iwo si mphunzitsi. Atavomera, anauza ophunzira awo usiku woyamba kuti onse aphunzira pamodzi, ndipo anawafunsa chimene aliyense akufuna kudziwa. Mayankho anali a tsiku ndi tsiku: kulemba dzina m'malo modinda mtanda, kuwerenga kalata yochokera kwa mwana amene ali kutali popanda kupempha munthu wina, kudzaza fomu yotumizira ndalama ku positi, kuitanitsa katundu ndi kuwerengera mtengo wa zokolola kuti ogula asawabere.

Mabuku a ana a sukulu anawaika pambali. Mai Robinson ankalemba dzina la munthu pa katoni kuti mwini wake azitsata ndi pensulo mpaka dzanja lizolowere. Ankawapempha kuti asimbe za ntchito yawo ya kumunda kapena ya kunyumba, iwo nkumalemba, kenaka nkuwauza kuti awerenge mau awo omwe. Pakhoma anapachika chikalata cha bungwe la United Nations cha ufulu wachibadwidwe wa anthu, chimene chinavomerezedwa m'chaka cha 1948, ndipo anawalonjeza kuti tsiku lina adzachiwerenga okha. Maiwo ankakumbukira mpaka ukalamba wawo tsiku limene gogo wina anadzuka, kuwalanda rula m'manja nkukaloza dzina lake pa bolodi, kutchula lemba limodzilimodzi.

Ankakumana kawiri pa mlungu, madzulo, m'miyezi yozizira pamene ntchito ya kumunda yachepa. Chiwerengero chinakwera kuchoka pa 14 kufika 37. Ena mwa ophunzira oyambawo anakakhoza mayeso a kalaliki nalandira makadi awo, ndipo mbiri itamveka, zilumba zoyandikana nazo za Wadmalaw ndi Edisto zinapemphanso masukulu awo.

Akuluakulu a boma ku Tennessee sanagone tulo. M'chaka cha 1959 apolisi analowerera sukulu ya Highlander ndi kumanga Mai Clark, ndipo m'chaka cha 1961 boma la chigawocho linatseka sukuluyo ndi kulanda malo ake. Koma ntchito ija inali itasamukira kale ku SCLC, bungwe limene ankalitsogolera Mbusa Martin Luther King. Pa malo otchedwa Dorchester m'chigawo cha Georgia, Mai Clark, Mai Dorothy Cotton ndi Mbusa Andrew Young ankalandira alimi, atelala, ometa ndi amai a mumpingo. Ankawaphunzitsa kwa mlungu umodzi nkuwabweza kwawo kukatsegula makalasi m'matchalitchi, m'makhitchini ndi pansi pa mitengo. Pofika 1970 masukulu otere anali mazanamazana ndipo ophunzitsidwa anali zikwi zambiri.

Mtengo umene ena analipira

Mmodzi mwa anthu amene anadutsa m'maphunziro amenewa ndi Mai Fannie Lou Hamer a ku Ruleville m'chigawo cha Mississippi, mwana wa chitsiriza m'banja la ana 20, amene anayamba kutola thonje ali ndi zaka 6. Iwo ankanena kuti mpaka chaka cha 1962 sankadziwa nkomwe kuti munthu wakuda angalembetse ndi kuvota. Anazimva ku msonkhano wa m'tchalitchi ali ndi zaka 44.

Pa 31 Ogasiti 1962 anakwera basi ndi anzawo 17 kupita ku Indianola kukalembetsa. Kalaliki anawapatsa ndime yovuta ndipo analephera. Pobwerera, apolisi anaimitsa basiyo ndi kulipiritsa dalaivala ponena kuti basi yake ndi yachikasu kwambiri, ikufanana ndi ya ana a sukulu. Atafika kunyumba, mwini munda umene anagwirapo ntchito zaka 18 anawauza kuti akafufutitse dzina lawo kapena achoke. Usiku womwewo anachoka.

Mai Hamer anabwereranso kwa kalaliki uja mpaka anakhoza m'mwezi wa Januwale 1963. Pa 9 Juni chaka chomwecho, akuchokera ku maphunziro a aphunzitsi a masukulu aja ku South Carolina, anamangidwa pamodzi ndi anzawo mumzinda wa Winona. M'chitokosi apolisi analamula akaidi awiri kuti awamenye ndi chibonga. Impso ndi diso lawo zinawonongeka mpaka imfa yawo m'chaka cha 1977. Pa 22 Ogasiti 1964 anasimba zonsezi pa msonkhano waukulu wa chipani cha Democratic ku Atlantic City, ndipo dziko lonse linamva kudzera pa wailesi ya kanema.

Ana nawo alowa m'kalasi

Masukulu a Mai Clark anali a akuluakulu. Koma mnyamata wina wa bungwe la ophunzira lotchedwa SNCC, Charles Cobb, anaona kuti ana akuda a ku Mississippi akukula osamva chilichonse chokhudza ufulu wawo. Boma linkawononga pa mwana mmodzi wachizungu ndalama zoposa kangapo zimene linkawononga pa mwana wakuda. M'madera a thonje sukulu za akuda zinkatsekedwa nthawi yopalira ndi yotola kuti ana akagwire ntchito. Mphunzitsi wotchula za voti m'kalasi ankadziwa kuti chaka chamawa ntchito alibe.

Choncho m'nyengo ya tchuthi ya 1964 anatsegula Masukulu a Ufulu opitirira 40, ndipo ana oposa 2,500 anabwera mwa kufuna kwawo. Ambiri mwa aphunzitsi anali ophunzira a m'makoleji a kumpoto. Ana ankaphunzira kuwerenga, masamu ndi mbiri ya anthu akuda imene m'mabuku a boma munalibe, koma gwero la maphunzirowo linali kufunsa mafunso. Ankakambirana zinthu zimene azungu ali nazo zoti iwo akuzifuna, zimene azungu ali nazo zoti sakuzifuna, ndi zimene akuda ali nazo zoyenera kuzisunga. Ankachita masewero, wina kukhala kalaliki wouma mtima, wina wofuna kulembetsa. Ankalemba nyuzipepala zawo, ndipo madzulo ankayenda khomo ndi khomo kulimbikitsa makolo. M'mwezi wa Ogasiti nthumwi za anawo zinakumana ku Meridian ndi kulemba zimene zikufuna boma lichite pa za sukulu, nyumba, ntchito ndi zipatala.

Zimenezi sizinachitike mwamtendere. Tchalitchi cha Mount Zion m'boma la Neshoba, chimene chinavomera kusunga Sukulu ya Ufulu, chinatenthedwa ndi gulu la Ku Klux Klan. Pa 21 Juni 1964 anyamata atatu, James Chaney wakuda pamodzi ndi Andrew Goodman ndi Michael Schwerner oyera, anapita kukaona phulusalo. Apolisi anawamanga, nkuwatulutsa usiku, ndipo anaphedwa pamsewu. Mitembo yawo inapezeka pa 4 Ogasiti itakwiriridwa m'chipupa cha damu. Mmodzi mwa okonza chiwembucho, Edgar Ray Killen, anadzapezeka wolakwa pa imfa zimenezi m'chaka cha 2005, patapita zaka 41. M'nyengo yonseyo anthu akuda pafupifupi 17,000 anayesa kulembetsa ku Mississippi, koma makalaliki analandira pafupifupi 1,600 okha.

Tsiku limene aphunzitsi anaguba

Ku Selma m'chigawo cha Alabama zinthu zinali chimodzimodzi. M'boma la Dallas munali anthu akuda pafupifupi 15,000 a msinkhu wovota, koma olembetsa anali mazana atatu ndi pang'ono. Ofesi ya kalembera inkatsegulidwa masiku awiri okha pamwezi. Pa 22 Januwale 1965 aphunzitsi akuda oposa 100, motsogozedwa ndi Mbusa Frederick Reese amenenso anali mphunzitsi, anaguba kupita ku ofesi ya boma. Ankati sangaphunzitse ana za boma ndi chisankho pamene iwo eni akukanizidwa kuvota. Mkulu wa apolisi Jim Clark ndi anyamata ake anawakankha pa masitepe ndi zibonga. Ana ataona aphunzitsi awo pamzere, mantha ambiri mumzindawo anatha.

Mwezi wotsatira wapolisi anawombera mnyamata Jimmie Lee Jackson ku Marion, ndipo anamwalira pa 26 Febuluwale. Pa 7 Malichi anthu pafupifupi 600, motsogozedwa ndi John Lewis ndi Hosea Williams, ananyamuka ku Selma kulinga ku Montgomery, likulu la chigawocho. Atangowoloka mlatho wa Edmund Pettus, apolisi anawathira utsi wokhetsa misozi ndi kuwakwapula, ena ali pa akavalo. John Lewis anasweka chigaza. Zithunzi za tsikulo zinazunguza dziko. Pa 21 Malichi ulendo unayambikanso motetezedwa ndi asilikali, mtunda wa makilomita 87, ndipo pa 25 Malichi anthu pafupifupi 25,000 anafika ku Montgomery.

Pa 6 Ogasiti 1965 Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo la ufulu wovota. Lamuloli linaimitsa mayeso aja m'zigawo zimene zinkawagwiritsa ntchito posala anthu, linapatsa boma lalikulu mphamvu yotumiza makalaliki ake, ndiponso linalamula kuti zigawo za mbiri yoipa zisasinthe malamulo a chisankho popanda chilolezo cha ku Washington. Msonkho wa voti unathetsedwa pa zisankho za dziko lonse m'chaka cha 1964 ndi pa zisankho za m'zigawo m'chaka cha 1966. Ku Mississippi, pa anthu akuda 100 alionse a msinkhu wovota, olembetsa sankakwana 7 lamuloli lisanabwere. Pofika 1967 anali pafupifupi 60.

Osalidwa sanali akuda okha

Eni nthaka ya America, amene azungu anawapeza ndi kuwatcha Amwenye, anawerengedwa kuti ndi nzika zonse m'chaka cha 1924, komabe zigawo zina zinapitiriza kuwakaniza voti. Ku New Mexico anachita kutengera nkhaniyi ku khoti ndi mphunzitsi winanso, Miguel Trujillo wa fuko la Isleta, amene anali msilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse koma atabwerera kwawo anamukaniza kulembetsa. Anapambana mlanduwo m'chaka cha 1948. Anthu obadwira ku China sankaloledwa kukhala nzika kuyambira 1882 mpaka 1943, choncho za voti panalibe.

Ena ankasalidwa kaamba ka chilankhulo. Anthu ochokera ku Puerto Rico, amene ndi nzika za America koma amalankhula Chisipanishi, ankayesedwa mayeso a Chingerezi ku New York. M'chaka cha 1975 nyumba ya malamulo inathetseratu mayeso a kuwerenga m'dziko lonse ndi kulamula kuti kumene kuli anthu ambiri olankhula Chisipanishi, zilankhulo za ku Asia kapena za eni nthaka, mapepala ndi thandizo la chisankho zipezeke m'chilankhulo chawo.

Kodi ana a lero akuphunzira zotani?

Aphunzitsi ena ku America amabweretsa m'kalasi mafomu akale a kalembera kuti ana aone okha mafunso amene agogo awo ankafunsidwa, kuphatikizapo loti munthu atchule amene amamulemba ntchito. Ena amaitana okalamba amene anaguba nawo kuti adzasimbe. Ena amapita ndi ana ku Selma kukayenda pa mlatho uja, kapena ku nyumba yosungira mbiri imeneyi imene inatsegulidwa ku Jackson, likulu la Mississippi, m'chaka cha 2017. Chigawo cha Mississippi chomwecho chinalamula kuti kuyambira 2011 mbiri ya nkhondo yomenyera ufulu iziphunzitsidwa m'makalasi onse. Bungwe la Children's Defense Fund linatsitsimutsa dzina la Masukulu a Ufulu m'chaka cha 1995 pophunzitsa ana kuwerenga nthawi ya tchuthi.

Komabe si kulikonse kumene zikuyenda. M'chaka cha 2011 bungwe la Southern Poverty Law Center linaunika zimene chigawo chilichonse chimafuna kuti ana aphunzire pa nkhaniyi, ndipo linapeza kuti zigawo 35 zalephera. Dandaulo lalikulu linali lakuti ana ambiri amangodziwa maina awiri, Martin Luther King ndi Rosa Parks, ngati kuti ufulu unabwera ndi anthu awiri okha. Za woyendetsa basi, wokonza tsitsi ndi wotola thonje samazimva. Ndipo kuyambira 2021 zigawo zingapo zinakhazikitsa malamulo ochepetsa mmene mphunzitsi angakambire za tsankho m'kalasi. Ovomereza malamulowa amati nkhani zotere zimagawanitsa ana, pamene otsutsa amati mwana wobisiridwa mbiri sangazindikire msampha ukatcheredwanso.

Mkanganowu uli ndi chifukwa chake. Pa 25 Juni 2013 khoti lalikulu, pa mlandu wa boma la Shelby ku Alabama, linagamula ndi oweruza 5 motsutsana ndi 4 kuti ndondomeko yosankhira zigawo zofunika chilolezo cha ku Washington yatha ntchito. Kuchokera pamenepo pakhala milandu yambiri yokhudza ziphaso zofunika povota, kutsekedwa kwa malo ovotera ndi kadulidwe ka malire a madera a aphungu.

Zimene akuluakulu a kuno akuzikumbukira

Kwa okalamba a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, nkhani ya mayeso a kalaliki si yachilendo kwenikweni. Mu ulamuliro wa Apwitikizi, munthu wakuda ankawerengedwa ngati nzika pokhapokha ataonetsa kuti amalankhula bwino Chipwitikizi, ali ndi ntchito yomupatsa ndalama zokwanira ndipo wasiya miyambo ya makolo ake. Woweruza anali mkulu wa boma wachizungu. M'chaka cha 1950 anthu opatsidwa chikalata chimenechi sankakwana 5,000 pakati pa anthu oposa 5 miliyoni. Otsalawo ndiwo ankagwidwa chibalo ndi kukakamizidwa kulima thonje. Lamulo logawa anthu moteroli linathetsedwa pa pepala m'chaka cha 1961.

Chisankho choyamba cha zipani zambiri ku Mozambique chinachitika pa 27 mpaka 29 Okutobala 1994, patapita zaka ziwiri chisainireni mtendere ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Panalibe mayeso kapena msonkho. Pa pepala lovotera panali zithunzi ndi zizindikiro, ndipo wosadziwa kulemba anadinda chala. Mwana wobadwa pambuyo pa chaka chimenecho angaganize kuti zinthu zinali choncho kuyambira kale, pokhapokha gogo wake kapena mphunzitsi wake atamukhazika pansi. Amene anaima pamzere tsiku limenelo, ambiri atangobwera kumene kuchokera ku misasa ya othawa nkhondo ku Malawi, akadalipo m'midzi, ndipo sukulu yapafupi ingathe kuwaitana monga amachitira aphunzitsi a ku Alabama.

Bambo Esau Jenkins anamwalira m'chaka cha 1972. Chitseko cha kumbuyo cha basi yaing'ono imene iwo ndi akazi awo, Mai Janie Jenkins, ankanyamulira anthu m'zaka zotsatira chinaperekedwa ku nyumba yosungira mbiri ya anthu akuda ku Washington, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2016. Mai Septima Clark, amene anachotsedwa uphunzitsi m'chaka cha 1956, anasankhidwa ndi mavoti m'chaka cha 1975 kukhala m'komiti yoyang'anira masukulu a ku Charleston konko. Chaka chotsatira boma la South Carolina linavomera kuti linawalakwira ndipo linawabwezera penshoni yawo. Anamwalira pa 15 Disembala 1987 ali ndi zaka 89.